Besi Ikathawa, Yambani Mwafufuza Pakhomo Panu

 Lero za misonkho ndi ziphaso tizipumitse kaye. Tikambe za mlandu wina umene ukudanitsa anthu mwakachetechete, kuyambira ku Limbe, ku Ndirande, ku Malangalanga ku Lilongwe mpaka ku Taifa ku Mzuzu. Mlandu wake ndi wa besi.

Umayenda chonchi. Munthu wasunga ndalama miyezi ingapo, mwina watapa ku banki m'khonde, wagula choimbira chake, kaya ndi ampu ndi masipika awiri, kaya ndi zija za sabuwufa ndi timasipika ting'onoting'ono. Pogula anayesa, chinagunda mpaka chifuwa kunjenjemera. Pakutha pa sabata madandaulo ayamba. Lero besi ilipo, mawa kulibe. Masana ikugunda, madzulo yalobodoka. Ukakhala pampando uwu ikumveka, ukasunthira pa uwo ngati kawailesi ka mabatire awiri. Basi wakweza katundu pa kabaza, ulendo kwa wogulitsa, ati munandigulitsa chakufa. Wogulitsa alumikiza pabenchi pake, chigunda ngati kale. Apa ndiye mawu amakula, uyu ati ndiwe wakuba, uyo ati ndiwe mbuli, mapeto ake kasitomala watayika pamodzi ndi abale ake onse.

Ena sabwerera kwa wogulitsa, amathamangira kwa mmisiri. Amisiri okhulupirika alipo, ambiri ndithu. Koma aliponso ena amene ukangowatulira katundu amayamba ndi kupukusa mutu, ati apa yapsa ayisi bwana, asanamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Ndalama imene ikanawonjezera mpamba yapita, katundu wabwerera kunyumba, patapita masiku atatu besi yathawanso.

Tamverani anzanga. Chinthu chakufa chimakhala chete mpaka kalekale. Besi yomabwera n'kumapita ikukuuzani kuti pali china chimene chikumasintha, ndipo nthawi zambiri chosinthacho chimakhala kunja kwa bokosi: nyimbo yomwe mwaika, malo omwe mwakhala, mawaya, kapena magetsi. Zonsezi mutha kuzifufuza nokha osalipira ngakhale tambala. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulo lofufuzira ndi limodzi: nyimbo imodzi, voliyumu imodzi, mpando umodzi. Sankhani nyimbo imene mumaidziwa ngati dzina lanu, yokhala ndi besi yosadukiza. Rege ya malemu Evison Matafale ndi Black Missionaries imagwira bwino ntchito imeneyi, chimodzimodzinso sungura ya Alick Macheso wa ku Zimbabwe, amene gitala yake ya besi imayenda kukwera ndi kutsika nyimbo yonse. Ikani chizindikiro ndi choko kapena bolopeni pamene chokwezera mawu chaima. Kenaka muzisintha chinthu chimodzi chokha, n'kumveranso nyimbo yomweyo. Mukasintha waya, malo ndi soketi nthawi imodzi, besi ikabwerera simudziwa chachiritsa n'chiti, ndiye ikadzathawanso mudzayambiranso pachiyambi.

Tiyambe ndi nyimbo zenizenizo, pakuti apa pokha milandu yambiri imathera. Nyimbo sizinajambulidwe mofanana. Za malemu Allan Namoko ndi za banjo ndi ng'oma zopanga okha, mulibe besi yakuya ija yogwedeza mawindo, ngakhale mutagula choimbira cha mtengo wa galimoto. Zikangotha, n'kulowa amapiano a ku South Africa, nyumba yonse igwedezeka. Choimbira ndi chomwecho, yasintha ndi nyimbo. Onjezani apo za mafulashi ndi mamemori khadi amene timaikitsa nyimbo mumsika. Mnyamata wa pakompyuta uja nyimbo zake anazitola kosiyanasiyana: ina anakopera pa kaseti yakale, ina inachokera pa WhatsApp, ina ndi ya pachimbale chenicheni. Zonse zili mufulashi imodzi, koma mphamvu zake n'zosiyana ngati tomato wa pamulu.

Foni nayo ili ndi zake. Mafoni ambiri ali ndi poikira kamvekedwe ka mawu, ndiponso mukamaimba kudzera pa Bluetooth voliyumu imakhala pawiri, ya foni ndi ya choimbira. Lero mwaimba ndi foni yanu, mawa ndi ya mayi akunyumba, mukuti besi yathawa pamene mwasintha gwero. Musaiwalenso rimoti ili m'manja mwa ana. Mabatani aja olembedwa Rock, Pop, Jazz ndi Flat amasintha besi, ndipo zoimbira zina magetsi akangothima zimaiwala zomwe munaika n'kubwerera mmene zinachokera kufakitale.

Chachiwiri ndi khutu lanu lomwelo. M'chaka cha 1933 akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anayesa mmene khutu la munthu limamvera mawu osiyanasiyana. Anapeza kuti mawu akatsika mphamvu, khutu limayamba kutaya besi pamene mawu a woimba akumvekabe bwinobwino. Ndiye onani zimene zimachitika pakhomo. Lamulungu masana mumakweza mmene mungafunire, besi ili mwaa. Usiku mumatsitsa poopa landilodi kapena mwana wagona, besi n'kuzimiririka. Choimbira chilibe mlandu, ndi chibadwa cha khutu. N'chifukwa chake maampu ambiri, makamaka akale, ali ndi batani lolembedwa Loudness. Ntchito yake ndi kubwezeretsa besi pamene mukumvera motsitsa. Mukakweza voliyumu lizimitseni, chifukwa pamenepo limangolemetsa sipika.

Chachitatu, chimenenso chimapusitsa anthu ambiri, ndi chipinda. Apa ndipempheko kuleza mtima, tichite kamasamu pang'ono, poti inu a geni masamu ndi chakudya chanu. Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi ya nsambo zinayi imanjenjemera ka 41 pa sekondi. Mukagawa 343 ndi 41 mupeza kuti funde limodzi la mawu amenewo ndi lotalika mamita oposa 8. Pabalaza pa nyumba zathu za lendi mwina ndi mamita 4 kuchoka khoma ili kufika khoma ilo, ndiye kuti theka la funde lija. Funde likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake limene likubwera. Pena amathandizana, pena amafafanizana.

Kuti mumvetse, tengani bafa lochapira la madzi, muligwedeze uku ndi uku. Madzi a kumapeto amakwera ndi kutsika kwambiri mpaka kutayikira pansi, koma a pakati amangokhala pafupifupi pamene anali. Besi m'chipinda imachita chimodzimodzi. Kukhoma ndi pakona imachuluka, pakatikati pa chipinda mawu ena a besi amasowa ndithu. Tsono mpando wa bambo wa pakhomo nthawi zambiri umakhala kuti? Pakati pomwepo, moyang'anana ndi TV. Bambo sakumva besi, akweza chokwezera mpaka kumapeto, pamene neba wa kuseri kwa khoma mbale zikugwa pa thandala. Besi imabowola khoma mosavuta kusiyana ndi mawu ang'onoang'ono, ndiye neba samva nyimbo, amangomva du du du usiku wonse. Udani wambiri wa pa mdadada unayambira pamenepa.

Chipinda chimasinthanso chokha. Chitseko chikatseguka, mawindo akatseguka chifukwa cha kutentha kwa mu Okutobala, mukasuntha sofa pokolopa kapena mukaunjika mabelo a kaunjika pakona, kamvekedwe ka besi kamasintha. Pabenchi ya mumsika palibe makoma anayi obweza mawu ngati a kunyumba, n'chifukwa chake choimbira chimodzi chimamveka mosiyana malo awiriwa, popanda wakuba pakati pa wogula ndi wogulitsa.

Mankhwala ake ndi aulere. Imbani nyimbo yanu ija, muyende pang'onopang'ono m'chipinda chonse. Ngati besi ikukula ndi kuchepa malinga ndi pamene mwaima, vuto ndi malo. Sunthani mpando kuchoka pakatikati, ngakhale theka la mita limasintha zinthu. Ngati muli ndi sabuwufa, pali njira ina yooneka ngati misala koma yothandiza. Ikani sabuwufayo pampando pamene mumakhala, inu mukwawe m'mphepete mwa makoma mukumvetsera. Pamene besi yamveka yosalala, yopanda kuphokosera, ikani sabuwufa pamenepo, inu mubwerere pampando. Ana aseke, zilibe kanthu, ndalama yanu yatsala m'thumba.

Onaninso bowo lija la pabokosi la sipika. Silinaikidwe kuti mbewa ndi mphemvu zizigonamo, ndi mpweya wotuluka pamenepo umene umathandiza besi. Ngati bowo lili kumbuyo n'kukankhira bokosi mpaka kukhoma, kapena mayi akunyumba aphimba ndi kansalu kokongoletsa, besi imabanika. Siyani mpata wosachepera chikhatho chimodzi. Ndipo sipika yotsekeredwa m'kabati ya matambula imaliza matambula, monganso malata osakhomedwa bwino amalira okha. Phokoso limenelo ena amaliyesa sipika yong'ambika.

Chachinayi ndi mawaya. Kumbuyo kwa sipika ndi kwa ampu kuli polowetsa pawiri, pofiira ndi pakuda. Pofiira pa ampu pazipita pofiira pa sipika, pakuda pazipita pakuda, mbali zonse ziwiri. Tsiku lokolopa waya wazuka, wina wabwezeretsa mosemphanitsa mbali imodzi. Nyimbo zimvekabe, palibe chimene chipse, koma sipika ina ikamakankha mpweya inzake ikukoka. Zili ngati mgwirizano wa zipani uja timauona chisankho chikayandikira: onse ali pa nsanja imodzi, onse akukuwa, koma wina akukokera kumpoto wina kummwera, ndiye mphamvu yofika kwa anthu palibe. Besi ndi imene imayamba kufa masipika akamakokana chonchi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Ngati ampu yanu ili ndi chopotokola cholembedwa Balance, khalani pakati pa masipika, muchipotokolere mbali imodzi kuti sipika imodzi yokha ilire. Besi ikachuluka ndi sipika imodzi kuposa ndi ziwiri, ndiye kuti zikukokana. Njira ina ndi ya batire la tochi la 1.5 volti. Zimitsani ampu, chotsani mawaya a sipika ku ampuko, mugunditse waya wofiira kumutu kwa batire ndi wakuda kumatako kwake, kamphindi chabe. Chipepala cha sipika chiyenera kutulukira kunja. Yesani sipika zonse ziwiri. Imene chipepala chake chalowera m'kati, mawaya ake ndi osemphana. Masabuwufa ena ali ndi kaswitchi kumbuyo kolembedwa 0 ndi 180. Yesani mbali zonse ziwiri muli ndi wina pampando womvetsera, musiye kumene besi yakula.

Waya wina sanasemphane koma ndi wolobodoka. Tikudziwa mmene timalumikizira: kupota ndi zala, kukulunga ndi pepala la jumbo, basi zatheka. Pakapita miyezi, makamaka nyengo ya mvula, polumikiza paja pamada kapena kuchita ndere yobiriwira, magetsi n'kumadutsa movutikira. Besi ikagunda, bokosi linjenjemera, waya agwedera, mawu n'kumadukaduka. Pamene nyimbo ikuimba motsitsa, gwedezani waya aliyense payekhapayekha. Amene wachititsa kuti mawu asinthe, ndi yemweyo. Zimitsani, dulani mbali yakudayo, sendani pena patsopano, mupote bwino. Samalani kuti kaulusi ngakhale kamodzi ka waya wofiira kasakhudze wakuda, chifukwa apo ndiye ampu imapsa zenizeni. Tsatiraninso waya kuseri kwa kabati, makoswe amadya nawo. Ndipo kawaya kowonda ngati ka chaja ya foni sikoyenera sipika yaikulu, makamaka pa mtunda wautali.

Pali kanthu kenanso kamene anthu ambiri sakadziwa. Kapulagi kakang'ono kaja kolumikiza foni kapena kompyuta ku ampu kakapanda kulowa mpaka kumapeto, kapena waya wake akaduka m'kati, nthawi zina zimene zimasowa ndi besi ndi mawu a woimba, n'kutsala magitala ndi makiyibodi akumveka ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Chifukwa chake n'chakuti besi ndi mawu a woimba amajambulidwa mofanana kumanzere ndi kumanja, ndiye waya wogawana mbali ziwirizi akasiya kukhudza, zofananazo zimafafanizana. Mukamva zotero, kankhirani kapulagiko m'kati, chotsani chikwama cha foni ngati chikutchinga, kapena bwerekani waya wina kwa neba muyese. Waya ameneyu ndi wotchipa kuposa kabaza wopita kwa mmisiri.

Chachisanu ndi magetsi. Kuno kwathu magetsi a m'nyumba amayenera kukhala 230 volti. Koma taganizani za pa mdadada pamene nyumba zingapo zikudya pa mita imodzi, kudzera pa waya mmodzi wautali wowonda. Ikakwana nthawi yophika madzulo, uyu wayatsa hotipuleti, uyo simbi, winayo ketulo, magetsi ofika pa soketi yanu amatsika. Mu nyimbo, besi ndi imene imadya mphamvu yambiri. Ampu ya thiransifoma yolemera ija, magetsi akatsika kuchoka pa 230 kufika pa 200, mphamvu yake yapamwamba imachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Womvera motsitsa sazindikira kanthu. Koma inu amene mumakonda chokwezera chili kumapeto, mumva besi ikuphwanyika ngati thumba lobooka.

Zizindikiro zake zimaoneka ndi maso. Timagetsi ta pankhope pa ampu timaphethira ng'oma ikagunda, babu la pabalaza limafooka neba akayatsa hotipuleti. Yesani nyimbo yanu ija m'mawa anthu atapita kuntchito, muyesenso 7 koloko madzulo, voliyumu yomweyo. Ngati kusiyana kukutsata wotchi, mmisiri wa mawailesi alibe chokonza pamenepo. Chotsani ampu pa ekisitenshoni imene mwaunjikapo TV, filiji ndi machaja, muilowetse yokha pa soketi ya pakhoma. Ndipo chonde anzanga, khalidwe lolowetsa mawaya opanda pulagi mu soketi n'kutsina ndi timitengo ta machesi tilisiye. Polumikiza polobodoka pamatentha, ndipo inu a mumsika simufunika kuuzidwa chimene moto umachita ndi katundu wa munthu. Magetsi akathima, zimitsaninso ampu pakhoma, muiyatse atabwera n'kukhazikika.

Ambiri tinalowa m'masola, makamaka kuyambira chaka cha 2022 pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu ya mamegawati pafupifupi 130 mpaka pamene anakonza mu 2023. Pa sola nkhani ndi yomweyo. Batire la 12 volti likadzadza n'kupumula limaonetsa 12.6 kapena kuposera pang'ono. Likatsika kufika cha m'ma 12.1 ndiye kuti latha theka. Masana dzuwa likuwala besi ili bwino, pofika 9 koloko usiku batire lafooka, besi n'kuyamba kutsamwa, mwinanso invetala n'kumalira ng'oma ikagunda. Batire lokalamba limachita zimenezi msanga. Musanatukwane wogulitsa sabuwufa, yezetsani batire.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kutentha. Ngati choimbira chimayamba bwino, koma pakatha theka la ola kapena ola besi n'kufooka, mwinanso n'kuzima chokha n'kudzayakanso, gwirani pamwamba pa ampu. Ikamawotcha dzanja, yabanika. Timabowo ta pamwamba ndi m'mbali ndi mphuno zake. Ife timasanjikapo dikoda, nsalu yoluka ndi maluwa a pulasitiki, kenaka n'kuitsekera m'kabati. Maampu ambiri ali ndi chodzitetezera chimene chimachepetsa mphamvu kapena kuzimitsa zikatentha. Koyilo ya m'kati mwa sipika nayo ikatentha imalandira mphamvu yochepa. Chotsani zosanjikazo, pukutani fumbi, ipatseni mpweya.

Kutentha kwina timakuitana tokha powonjezera masipika. Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa 4 kapena 8 ohms, ndipo kumbuyo kwa ampu kumalembedwa nambala yochepetsetsa imene ingapirire. Mukalumikiza masipika awiri a 8 polowetsa pamodzi, ampu imaona 4. Awiri a 4, imaona 2, ndipo maampu ambiri a m'nyumba 2 saikwanitsa. Zili ngati kukweza matumba asanu a chimanga pa njinga ya matumba awiri. Iyenda pang'ono, koma masipoko akuuzani. Masabuwufa ena alinso ndi kaswitchi ka Auto ndi On. Kakakhala pa Auto, sabuwufa imagona yokha mawu akatsika kwa kanthawi, n'kudzuka mukakweza. Ikani pa On muone ngati besi ikuthawabe.

Apa ndinenepo za zilembo zikuluzikulu za pamakatoni, zija za 5000W PMPO. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nambala ya PMPO ilibe muyezo wogwirizana, kampani iliyonse imalemba mmene yafunira. Nambala yothandiza ndi yolembedwa RMS. Ikasowa, tembenuzani choimbiracho muwerenge kachikwangwani ka pafupi ndi waya wa magetsi, pamene amalemba mphamvu imene chimadya. Ngati pamenepo palembedwa 60W, sichingamatulutse 5000W nyimbo yonse, monganso simungagulitse matumba khumi mutapikula limodzi. Dziwaninso kuti pa maampu ambiri, kupotokola chokwezera besi mpaka kumapeto kumafuna mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi pa mawu akuyawo. Kachoimbira kakang'ono kamayesetsa pa nyimbo zofewa, pa nyimbo zolemera n'kugonja. Mwini wake ati chikusinthasintha, pamene chafika polekezera mphamvu zake. Kukakamiza kotereku ndi kumene kumawotcha makoyilo.

Tsono ngati mwayesa zonsezi besi ikuthawabe, mwina vuto lilidi m'bokosi. Musananyamule, chitani mayeso amodzi omaliza. Zimitsani, musinthanitse masipika, ya kumanzere ipite kumanja, ya kumanja kumanzere. Vuto likasamuka pamodzi ndi sipika, yodwala ndi sipikayo. Likatsalira mbali yomweyo, ndi waya wa mbaliyo kapena ampu. Mukatero mwadziwa choyenera kunyamula, simulipira kabaza wa katundu yense.

Sipika yokayikitsa ichotseni chotchinga kumaso muyang'ane mkombero wa chipepala chake. Wa siponji umafumbwa ndi zaka, makamaka masipika akale obwera ndi katundu wogwiritsidwa kale ntchito wa kunja. Ukang'ambika mpweya umathawira pamenepo. Choimbira chili chozimitsa, kankhani chipepalacho pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati. Chizilowa ndi kubwerera mwakachetechete. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo ikukhuza. Mangitsaninso masikuluwu ogwira sipika kubokosi, amamasuka ndi kugunda. Ku ampu, chokwezera chimene chimathetheka mukamapotokola chadzadza fumbi. Ampu imene mbali imodzi imabwerera mukakweza voliyumu mwadzidzidzi kapena mukaimenya kambama, ili ndi polumikiza pomasuka m'kati. Imene ikung'ung'udza ngati njuchi ngakhale nyimbo isakuimba, besi yake ili yofooka, kawirikawiri makapasita ake aakulu atopa. Izi ndiye za mmisiri. Inu musatsegule ampu, chifukwa makapasita amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi, ndipo amaluma.

Kwa mmisiri pitani ndi nkhani yomveka. Kunena kuti chikuvutavuta ndi kumupatsa chilolezo cholemba mtengo umene wafuna. Muuzeni kuti mbali ya kumanzere imafooka pakatha theka la ola, masipika ndasinthanitsa, waya ndasintha, vuto lili pomwepo. Akamva choncho amadziwa kuti wabwera munthu wotsegula maso. Gwirizanani mtengo asanayambe, muuzeni kuti chitsulo chilichonse chimene achotse mudzachifuna m'manja, ndipo potenga katundu muimbe nyimbo yanu ija pompo kwa theka la ola. Vuto lobwera ndi kutentha silioneka pa mphindi ziwiri.

Mawu otsiriza apite kwa inu ogulitsa zoimbira, poti ambiri mumawerenga tsamba lino. Mphindi zisanu zofotokozera kasitomala n'zotchipa kuposa tsiku lathunthu lokangana pabenchi anthu akuonerera. Muyesereni ndi foni yake ndi nyimbo yake. Musonyezeni pofiira ndi pakuda, bowo la mpweya, ndi nambala yeniyeni ya kumbuyo. Mufunseni ngati kwawo ndi kwa magetsi a pakhoma kapena sola, ndi kukula kwa pabalaza pake. Akadzabwera akudandaula, musayambe ndi kukalipa, mufunseni kuti besi imathawa nthawi yanji, pa nyimbo iti, atakhala pati. Mayankho atatu amenewa nthawi zambiri amaulula wolakwa. Ndipo zikapezeka kuti katundu ndi wolakwikadi, musinthireni. Munthu amene mwamuthandiza chonchi amabwera ndi mlamu wake mwezi wamawa.

Inunso ogula, besi mukaipeza, kumbukirani kuti kuseri kwa khoma kuli mnzanu amene adzuke 4 koloko m'mawa kukapikula tomato. Tikumanenso sabata yamawa, geni iyende bwino.